Amene Amakweza Dansi Osaoneka pa Nsanja

Ogulitsa mbatatesi ndi kabichi pa mphambano ya ku Bembeke, m'mbali mwa msewu wa M1, magalimoto a oimba amawadziwa. Kumapeto kwa sabata mumaona lole yodzaza masipika, atayifunditsa tenti, minibasi ikuyilondola pambuyo. Ena amachokera ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band imene inayamba mu 1978, ndi Zembani Band ya malemu Lucius Banda. Ena amachokera ku Chileka, kwawo kwa Black Missionaries. Ambiri amangodutsa, ulendo wa ku Lilongwe. Koma mukasuzumira m'minibasimo, anthu amene nkhope zawo zili pa zikwangwani ndi awiri kapena atatu basi. Otsalawo ndi antchito.

Oyamba kutsika ndi onyamula zida. Masipika ena salola kunyamulidwa ndi munthu mmodzi, ndipo amafunika kuwasanjikiza bwino kuti anthu akamadumpha asagwere wina. Anyamatawa amafika dzuwa lili paliwombo, kukoka mawaya, kuimika magetsi, kuthira mafuta mu jenereta poopa kuti magetsi angathime dansi ili pakati. Ambiri a iwo anabwera ndi mtima wofuna kuimba. Amanyamula gitala wa mwini wake miyezi ndi miyezi, akuba luso ndi maso, mpaka tsiku lina woimba besi adwale, iwo aitanidwe.

Ntchito imene ndimailemekeza kwambiri ndi ya woyang'anira mawu. Amakhala pakati pa khamu, patsogolo pake pali chipangizo chokhala ndi timabatani tambirimbiri, kalikonse ndi chida chake. Madzulo anthu asanalowe amauza wa ng'oma kuti aponde, apondenso, mpaka liwu limveke pachifuwa osati m'makutu mokha. Kenaka besi, kenaka kiyibodi, kenaka mawu a oimba mmodzimmodzi. Vuto lake ndi lakuti holo yopanda anthu imalira mosiyana ndi holo yodzaza, ndiye nyimbo yoyamba ikangoyamba amayambanso kukonza, khutu lili tcheru, zala zili pa mabatani. Sipika ikangolira mluzu, khamu lonse limacheukira iye. Zikayenda bwino palibe amamukumbuka. Kuno kumapiri a Dedza kuli chinanso: chisanu cha mu June ndi July chimaumitsa zala za woimba gitala, ndipo mame a usiku amanyowetsa zida ngati dansi ili pabwalo.

Oimba zida nawo ndi antchito, ngakhale ali pa nsanja. Wokonda Black Missionaries (Mablacks) aliyense amadziwa Anjiru Fumulani, ndipo amakumbuka Evison Matafale amene anamwalira mu November 2001. Koma kugunda kumene kumavinitsa anthu mpaka mbandakucha kwakhala kukuchokera kwa Peter Amidu pa besi, Paul Chokani pa ng'oma, Takudziwani Chokani pa gitala ndi Chizondi Fumulani pa kiyibodi. Awa n'odziwika chifukwa akhalitsa m'gulu limodzi. Anzawo ambiri amachita ganyu: lero kwa woimba uyu, mawa kwa wina, Lamulungu ku kwaya.

Kumayiko akunja kuli magulu amene dansi yawo ndi sewero lenileni. Gulu la Kiss, limene linayamba ku New York mu 1973, linkakwera nsanja nkhope zitapakidwa utoto, Gene Simmons akulavula moto, ndipo linatsanzika mu December 2023 ku Madison Square Garden. Kuseri kwa oimba anayi a gululi kunali osoka zovala, akatswiri a moto, oyendetsa malole. Munthu wa ku Dedza sangadabwe nazo. Pabwalo la gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, maso onse amakhala pa chilombo, chikhalirecho pambali pali wina akuwamba ng'oma pamoto wa udzu, akuigogoda kuti amve ngati chikopa chakungika, ndipo amayi akuyankha nyimbo ndi kuomba m'manja. Popanda iwowa chilombo sichingaponde.

Tsono pa ndalama ndi pamene mtima umawawa. Dansi zambiri zimadalira za pakhomo. Wokonza phwando ayenera kulipira malo, zida, galimoto, otsatsa, achitetezo ndi chiphaso cha bungwe la Cosoma, loteteza umwini wa nyimbo. Mvula ikagwa, kapena anthu akakhala kuti ndalama yathera feteleza, chotsala chimachepa, ndipo amene amamva kuwawa ndi wa pansi. Wonyamula masipika angathe kugwira ntchito usana ndi usiku wonse n'kuuzidwa kuti adikire dansi ya mawa. Msana ukathyoka, kapena galimoto ikachita ngozi usiku, alibe pepala losonyeza kuti anali pa ntchito.

Kunja kwa mpanda kulinso ena: a kabaza odikira otuluka, ootcha kanyenya, ndi a chiwaya amene tchipisi chawo nthawi zambiri chimachokera m'minda ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Iwowa bola, ndalama yawo amalandira pompopompo.

Bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi ndi eni magulu angathe kuyambira pa chinthu chimodzi chosavuta: aliyense wokwera lole ndi minibasi zija, kaya ndi wa besi kaya ndi wokoka mawaya, adziwe malipiro ake asananyamuke, alembedwe papepala, ndipo alandire kaya holo yadzaza kaya ayi.