Mbande za sayansi zimafuna dzuwa la ku Chongwe

Aliyense amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe kapena wa Chalimbana amadziwa kuti mbande ya tomato sichoka pa nazale lero n'kukagwira kumunda mawa. Kukatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti iwokeredwe, mwini dimba amayamba kuchotsa udzu wa mthunzi pang'onopang'ono, ndipo madzi amawachepetsa. Wongodutsa angaone ngati nkhanza. Koma mbande yokulira pamthunzi pokhapokha imatalika msanga, masamba obiriwira bwino, tsinde lofewa. Mukaiwokera, pofika masana a tsiku lachiwiri yagona pansi. Yokhwimitsidwa ija imakhala yaifupi, tsinde lonenepa, ndipo imagwira.

Wophunzira bayoloje pa yunivesite nayenso ndi mbande. Kalasi ndi labotale ndiwo nazale wake, ndipo sindikuzinyoza ayi: popanda mthunzi umenewo mbewu simera. Mmenemo amaphunzira maselo, majini, mayina a Chilatini a zomera ndi tizilombo. Vuto limabwera akatha zaka zinayi osatuluka m'mthunzimo. Amalandira digiri, nalembedwa ntchito kusukulu, ku ulimi kapena ku zaumoyo, ndiye mlimi n'kumubweretsera tsamba la chimanga lobooka, iye osadziwa poyambira.

Kukhwimitsa kwake ndi kafukufuku wa kumunda, ndipo boma la Chongwe lili ndi zonse zofunika. Kuchokera pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, msewu wa Great East umakufikitsani ku tauni ya Chongwe. M'boma lomweli muli Kasisi Agricultural Training Centre, imene ansembe a Chijezuiti anayamba mu 1974, ndipo patapita zaka inatembenukira ku ulimi wodalira manyowa m'malo mwa feteleza ndi mankhwala ogula. Ku Palabana amaphunzitsa za ng'ombe zamkaka. Ku Chalimbana, kumene lero kuli yunivesite, kwakhala kosulira aphunzitsi kuyambira mu 1939. Mafunso nawo sasowa. Mtsinje wa Chongwe umaphwa m'chilimwe mpaka tauni kuvutika madzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitchula kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February chaka chimenecho, chinasiya funso m'khomo lililonse: ndi mbewu ziti zinapirira, ndipo chifukwa chiyani?

Tengani mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinachokera ku America n'kufika m'minda ya Zambia kumapeto kwa 2016. M'buku muli chithunzi chake chooneka bwino. Kumunda mboziyo simudzaiona ili pamtetete. Imabisala pamtima pa chimanga, pamene masamba atsopano apindana, ndipo chimene chimaiulula ndi ndowe zake zonyowa, zofiirira, zounjikana pakamwa pa mtimawo. Wophunzira ayenera kufunyulula masamba ndi zala, kuigwira, kuyang'ana chizindikiro cha Y wozondoka pamutu pake ndi madontho anayi akuda chakumchira. Kenako ayende m'munda mokhotakhota, ayime malo asanu, pamalo aliwonse awerenge mapesi khumi, alembe angati agwidwa. Sabata yamawa abwerenso. Mmenemo adzaona nyerere zikukoka kamphutsi kakang'ono, adzamva mayi wina akufotokoza kuti iye amathira phulusa kapena mchenga pamtima pa chimanga. Apo ndiye pamabadwa funso lenileni la sayansi: kodi phulusalo limapha mbozi zingati poyerekeza ndi munda wosathiridwa kanthu? Funso lotere limakwanira bwino kafukufuku wa chaka chomaliza, ndipo silifuna makina a mamiliyoni. Limafuna ndalama ya minibasi, timabotolo, kope, ndi chilolezo cha mwini munda.

Ndalama ya minibasi ija ndi imene ambiri amaipeputsa. Wophunzira amene akudya kamodzi patsiku sangapite ku Kasisi sabata iliyonse ndi ndalama ya m'thumba mwake. Chotsatira chake amasankha mutu wongolemba ali pa kompyuta, osati chifukwa cha ulesi. Wofuna kuthandiza ana a sayansi ayambire pamenepo.

Komatu kukhwimitsa si kutaya. Mwini dimba akachotsa mthunzi sachoka, amazungulira m'mawa uliwonse kuona ngati wapitirira muyeso. Imeneyi ndiyo ntchito ya mphunzitsi woyang'anira kafukufuku, ndipo ndi yoposa kusaina pepala. Tsiku loyamba apite nawo kumunda. Wophunzira akabwera ndi manambala osokonekera chifukwa mbuzi zinadya theka la chimanga chake choyesera, amuuze kuti zimenezi n'zochitika, alembe zoona zokhazokha, asapeke nambala ngakhale imodzi. Phunziro limeneli ndi lalikulu kuposa onse, ndipo munthu amalimva bwino kwa wamkulu amene wayima naye m'mizere. Aphunzitsi ndi ochepa, ophunzira ndi ambiri, n'chifukwa chake wa digiri yachiwiri ayenera kugwira dzanja wa chaka chachitatu. Atsikana makamaka amafunika kuona mayi wasayansi atavala majombo, akuloza ndi kufotokoza, kuti adziwe kuti ntchitoyi ndi yawonso.

Pozula mbande, wodziwa amazula ndi dothi lake ku mizu. Mwana wa ku Chongwe amalowa yunivesite akudziwa kale mitengo, mbalame ndi nsomba za kwawo m'Chisoli kapena m'Chinyanja, akudziwa nthawi imene masuku amapsa ndi pamene bowa amamera. Tikamuphunzitsa kuti zonsezo n'zachabe, tamusansa mizu. Dzina la Chilatini likhale pambali pa dzina limene agogo ake anamuuza, pakuti akadzabwerera kumudzi adzalankhula ndi dzina la agogolo.

Kubwerera kumeneku ndiko kumene timalephera kwambiri. Anthu a m'midzi ya Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ngati a m'midzi ina yoyandikana ndi mizinda, amalandira alendo a mafomu ndi mafunso. Mlendo amatenga madzi a pachitsime, dothi la m'munda, ngakhale mkodzo wa ana pofufuza likodzo, ndipo nthawi zambiri zotsatira zake zimathera pa shelefu ya laibulale, m'Chingerezi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mayi amene anapereka munda wake ali ndi ufulu womva chimene chinapezeka. Ndikanakonda kuti wophunzira asapatsidwe malikisi omaliza asanabwerere. Apangane tsiku ndi anyakwawa komanso alangizi a zaulimi, makamaka mu October anthu asanabzale. Anyamule botolo la mbozi, galasi lokulitsa zinthu loti ana a sukulu asuzumiremo, ndi tsamba limodzi lolembedwa m'chinenero cha anthuwo. Ngati phulusa silinathandize, anene kuti silinathandize. Alimi adzamufunsa za mtundu wa chimanga chimene anayesera, za mvula ya chaka chimenecho, za munda wa kudambo umene sanafikeko, ndipo mafunso amenewo awalembe, awapereke kwa wophunzira amene akubwera pambuyo pake.