Chimene chimasiyanitsa vinyo wa zipatso wopangidwa mumzinda wa Lilongwe

Lilongwe: Vinyo wambiri amene amapezeka m'masitolo akuluakulu a mumzinda uno amachokera ku South Africa, dziko limene lidayamba kufinya mphesa m'chaka cha 1659, ndipo botolo lililonse limalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja zomwe n'zoperewera kale. Koma mumzinda womwewu muli anthu amene akupanga vinyo popanda mphesa ngakhale imodzi, ena m'fakitale yaing'ono yovomerezeka, ena m'zigubu kuseri kwa nyumba m'madera monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona.

Munthu amene angayendere opanga vinyowa mmodzimmodzi sachedwa kuzindikira kuti palibe awiri amene vinyo wawo amafanana. Kusiyana kwina n'kwabwino, ndipo ndi kumene kumapatsa vinyo dzina pamsika. Kwina n'chizindikiro chakuti ntchito ikuchitika mongoganizira, popanda muyeso. Ogwira ntchito m'boma amene amaona za malonda, zaumoyo ndi za ziphaso akuyenera kudziwa kulekanitsa ziwirizi, popeza chigamulo chawo ndicho chimatsegula kapena kutseka bizinesi ya munthu.

Malo odziwika bwino pa ntchitoyi ndi a Linga Fine Foods and Winery ku Area 3. Amene adayambitsa malowa ndi a Timothy Ngwira, katswiri wa sayansi yemwe adaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi, pamodzi ndi akazi awo a Margaret Ngwira, omwe adagwira ntchito yoyang'anira nyumba zowerengeramo mabuku pa yunivesite yomweyo. Banjali lidayamba kupanga vinyo wapakhomo mu 1978, ndipo ntchitoyi idasanduka kampani m'zaka za m'ma 2000. Vinyo wa Linga adatchuka ndi mitundu 7, yomwe ndi wa jambula, mabulosi, mapulamu, chidede, sitiroberi, mapichesi ndi magwafa, ndipo zipatsozo kampaniyi yakhala ikugula kwa alimi ang'onoang'ono.

Phunziro lalikulu la ku Area 3 si kuchuluka kwa mitunduyo. Ndi lakuti munthu amene adagula vinyo wa mabulosi chaka chatha akabweranso chaka chino amayembekezera kupeza kakomedwe kofanana ndi kamene adakakonda, ndipo botolo limamuuza chipatso chake, ukali wake ndi dzina la wopanga. Apa ndi pamene pali malire pakati pa vinyo wa m'sitolo ndi vinyo wa m'chigubu, ngakhale kuti njira yopangira ndi imodzi: chipatso, madzi, shuga, yisiti ndi nthawi.

Chinthu choyamba chosiyanitsa vinyo wa m'malokeshoni ndi chipatso, ndipo chipatso chimatsata nyengo komanso msewu. Mzinda wa Lilongwe sulima zipatso zokwanira anthu ake. Mapichesi ndi mapulamu amatsika kuchokera kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, mango ambiri amachokera kunyanja m'maboma monga Salima, manachesi ku Mwanza, zinanazi ku Mulanje, pomwe malambe amachokera m'madera otentha monga Mangochi. Zonsezi zimatsitsidwa m'misika monga wa Wakawaka ndi msika waukulu wa ku Area 2, ndipo wopanga vinyo wamng'ono nthawi zambiri amagula madzulo, zipatso zikapsa kwambiri mtengo n'kutsika. Chimene wogulitsa akadataya mawa lake ndicho chimalowa m'chigubu.

Chidede ndicho chimakondedwa ndi ambiri, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Chimakololedwa mvula ikatha, chikaumitsidwa bwino chimasungika miyezi yambiri, motero wopanga sadikira nyengo. Chimatulutsa vinyo wofiira kwambiri, wowala, wowawasa pang'ono, amene m'tambula amaoneka ngati wa mphesa. Koma chidede chilibe shuga wokwanira kuti mowa upangike, choncho ukali wonse wa vinyo ameneyu umachokera m'paketi ya shuga. Pamene shuga adasowa m'masitolo kumayambiriro kwa chaka cha 2024, ntchito yamtunduwu ndi imene idali pachiopsezo chachikulu.

Nthochi zili ndi khalidwe losemphana ndi chidede. N'zotsekemera koma sizowawasa, ndiye wopanga wodziwa ntchito amathiramo madzi a mandimu kuti vinyo asakhale wozizira mkamwa komanso kuti asaonongeke msanga. Vinyo wa nthochi amachedwa kuyera. Amakhala wa mbuu kwa milungu yambiri, ndipo amene amafulumira kumuthira m'mabotolo amagulitsa chakumwa chokhala ndi nsenga pansi. Nthochizo nazo sizipezeka monga kale. Matenda a chisaka, amene adayamba kuoneka m'boma la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, adaononga minda yambiri ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, kufikira pakuti nthochi zambiri za m'misika ya mumzinda uno zidayamba kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Vinyo wa nthochi wopangidwa ku Chinsapo akhoza kukhala kuti chipatso chake chidaoloka malire a dziko.

Jambula ndiye amayandikira kwambiri mphesa zakuda, chifukwa khungu lake lili ndi kanthu kamene kamakhakhalitsa lilime monga momwe amachitira vinyo wofiira wakunja. Malambe amabwera ngati ufa wouma, wowawasa, ndipo amafuna kusefedwa kangapo. Mango ali ndi fungo lokoma ndi shuga wambiri, koma amachuluka kuyambira mwezi wa November mpaka January, nthawi imene nyumba za malata zimatentha ngati uvuni, ndipo kutentha kumeneku kumathamangitsa kuwira mpaka fungo la chipatso n'kuthawa.

Nkhani ya shuga ndi imene woyendera malo ogulitsira zakumwa ayenera kuimvetsa bwino. Yisiti imadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Pafupifupi magalamu 17 a shuga pa lita imodzi amapereka ukali wa 1 peresenti. Kuti vinyo afike pa 12 peresenti pafunika magalamu oposa pang'ono 200 pa lita, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 4 m'chigubu cha malita 20, kuwerengera pamodzi ndi shuga wa m'chipatso momwemo. Mphesa zakupsa zimakhala kale ndi shuga wochuluka chotere, n'chifukwa chake maiko olima mphesa sadalira shuga wa nzimbe. Magwafa ndi sitiroberi safika ngakhale theka la muyesowu.

Yisiti ili ndi malire ake. Ukali ukafika pa 14 kapena 15 peresenti, yisiti wamba imafooka n'kusiya ntchito, ndipo shuga wotsala amangokhala wotsekemeretsa. Choncho chakumwa chimene akuchitcha vinyo koma chikuotcha pakhosi ngati kachasu, n'kugwetsa munthu ndi tambula imodzi, sichidafike pamenepo ndi kuwira kokha. Wina adathiramo mowa wotcheza kapena mankhwala ena. Ngozi yeniyeni ili pamenepa, makamaka ngati chothiridwacho ndi sipiriti wa m'mafakitale wokhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndipo amapha. Dziko lino lidaona kale maliro a anthu omwa mowa wosakaniza mosadziwika bwino, monga zidachitikira mumzinda wa Blantyre mu 2024, ndipo mbiri yoipa yotere imagwera aliyense wogulitsa chakumwa chopanda chizindikiro, ngakhale mayi amene sadathirepo kanthu m'chigubu chake.

Pali chipangizo chaching'ono chagalasi chotchedwa hydrometer chimene chimayandama m'madzi a zipatso n'kuonetsa kuchuluka kwa shuga. Wopanga akayeza asanathire yisiti, n'kudzayezanso kuwira kukatha, amadziwa ukali wa vinyo wake mosaganizira. Kupezeka kapena kusapezeka kwa kachipangizoka pamalo opangira vinyo kumanena zambiri kuposa utoto wa pakhoma.

Madzi nawo amasiya chizindikiro chawo. Amene ali ndi mpopi wa Lilongwe Water Board pakhomo sangafanane ndi amene amatunga pachitsime chosatetezedwa madzi akasiya kutuluka, monga zimachitikira kawirikawiri m'madera okhala anthu ambiri. Madzi opangira vinyo amayenera kuwiritsidwa ndi kuzizira asanakumane ndi yisiti, ndipo kuwiritsa malita 20 kumadya makala. Pamene ndalama zavuta, sitepe imeneyi ndi imene imayamba kudumphidwa.

Mdani wina ndi mpweya. Chigubu chikasiyidwa chosatseka, tintchentche ta pazipatso timabweretsa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa vinyo kukhala viniga. Chikatsekedwa kotheratu, mpweya wotuluka m'kuwira umachitupitsa mpaka kuphulika. Njira ya pakati imene opanga aluso amagwiritsa ntchito ndi yoboola chivindikiro, kulowetsapo kapaipi ka pulasitiki, mbali inayo n'kuiviika m'botolo la madzi, kuti mpweya uzituluka koma usalowe. Thovu likasiya kutumphuka m'botolomo ndiye kuti kuwira kwatha. Chigubucho chiyenera kukhala chosungira zakudya, osati chimene mudali mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda, ndipo ndowa yachitsulo siyenera chifukwa kuwawasa kwa zipatso kumadya chitsulo.

Chotsala ndi nthawi, ndipo pano ndi pamene umphawi umaonekera m'tambula. Kuwira kwenikweni kumatha m'milungu yowerengeka, koma vinyo amafuna miyezi kuti nsenga zikhale pansi, atsanulidwe m'chigubu china, ndipo ukali wa fungo la yisiti uzilale. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mayi amene ndalama yake yonse ya mpamba ili m'chigubu chimodzi, ndipo banki m'khonde ikudikira kubweza kwake Loweruka, sangadekhe miyezi isanu ndi umodzi. Amagulitsa vinyo wosakhwima, wotsekemera kwambiri, amene amapitiriza kuwira m'botolo. Luso ali nalo. Chimene alibe ndi zigubu zokwanira kuti china chizigona pamene china chikugulitsidwa.

Pa mbali ya malamulo pali makomo awiri amene anthu ambiri amawasokoneza. Chiphaso chogulitsira zakumwa zoledzeretsa chimaperekedwa ndi khonsolo motsatira lamulo la Liquor Act, lomwenso limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Koma chiphaso cha khonsolo sichinena kanthu za ubwino wa chakumwacho. Ntchito imeneyo ndi ya bungwe loona za miyeso ndi ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, MBS, limene lidakhazikitsidwa mu 1972. Bungweli limayendera malo opangira katundu, limayeza katunduyo, ndipo likakhutira limalola wopanga kuika chizindikiro chake pabotolo. Popanda chizindikiro chimenechi masitolo akuluakulu ndi mahotela salandira katundu.

Khomo lachiwirili ndi limene limakanika opanga ang'onoang'ono. Zimene MBS imafuna n'zoyenera: chipinda chapadera chosagonamo anthu, pansi potsukika, madzi aukhondo, mabotolo abwino ndi chikalata cha pabotolo chonena zoona. Komabe kwa banja lochita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Mgona kapena ku Area 23, chipinda chapadera ndi phiri lalitali. N'chifukwa chake vinyo wambiri wa m'malokeshoni amathera m'mabotolo otola a madzi ndi a zakumwa zina, n'kumagulitsidwa kwa anthu odziwana okha pa zikwati ndi zinkhoswe.

Boma lili ndi zifukwa zomveka zokhwimitsira malamulo. Mu 2015 lidaletsa mowa wa m'masacheti umene udasokoneza achinyamata ambiri, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza zakumwa zoledzeretsa. Boma lomwelo lidakhazikitsa pologalamu ya One Village One Product mu 2003, potengera chitsanzo cha chigawo cha Oita ku Japan, ndiponso ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, zonsezi pofuna kuti zokolola za m'dziko muno ziziwonjezeredwa phindu konkuno. Wopanga vinyo wa zipatso waima pamphambano ya mfundo ziwirizi, ndipo chimene chimamuchitikira chimadalira kuti wafika pakhomo pake ndi ofesala wa mbali iti.

Njira imene yaoneka kuti ikuthandiza ndi ya magulu. M'boma la Karonga, gulu la Twitule, lomwe ambiri mwa mamembala ake ndi amayi, lidaphunzitsidwa ndi bungwe la COMSIP kupanga vinyo kuchokera ku nthochi zakupsa kwambiri zimene kale zinkangotayidwa, ndipo pofika mu 2024 linkagulitsa vinyoyo m'misika uku likudikira chilolezo cha MBS. Gulu lotere likhoza kumanga chipinda chimodzi, kugula hydrometer imodzi ndi kulipira kuyeza kamodzi m'malo moti aliyense alipire payekha. Chofunika kusamala n'chakuti gulu lisafafanize luso la mamembala ake powakakamiza onse kupanga chinthu chimodzi. Ku Stellenbosch m'dziko la South Africa, kumene alimi adatsegula njira yoti alendo aziyendera minda ya mphesa mu 1971, chimene chimakopa alendowo n'chakuti munda uliwonse uli ndi kakomedwe kake pamene onse akutsata miyeso imodzi ya ukhondo.

Ofesala wa khonsolo, wa zaumoyo kapena wa zamalonda amene wafika pamalo opangira vinyo sasowa zipangizo zodula kuti adziwe mtundu wa ntchito imene waipeza. Akhoza kufunsa kumene madzi adatungidwa ndi ngati adawiritsidwa, kuona chimene chidali m'chigubu poyamba, ndi kufunsa mmene mabotolo amatsukidwira. Koposa zonse akhoza kupempha kope la wopangayo. Amene amalemba tsiku limene adathira yisiti, kulemera kwa chipatso, makilogalamu a shuga ndi tsiku lotsanula, ali kale pakati pa ulendo wopita ku MBS, ndipo vinyo wake wa chidede wa mwezi wa June adzafanana ndi wa September.