Mapilo anayi pa bedi la wodwala sitiroko

Nthawi ikamakwana 2 koloko usiku, m'wodi ya abambo muli zii, namwino amafika pa bedi la wodwala sitiroko atakumbatira mapilo. Amawagwira paphewa mofatsa: "Abambo, pepani, tikutembenuzeni." Mayi amene akudwazika, atafunda chitenje pampando wa m'mbali mwa bedi, amadzidzimuka. "A sista, si angogona kumene? Asiyeni apumeko."

Funso limeneli ndalimva kosawerengeka m'mawodi a mu Lusaka, ndipo silindikwiyitsa, chifukwa limachokera m'chifundo. Kungoti yankho lake ndi lalitali, losatheka kulinong'ona pakati pa usiku odwala ena ali m'tulo.

Sitiroko si mlendo mumzinda uno. Inagwira Pulezidenti Levy Mwanawasa pa 29 Juni 2008 ali ku Sharm el-Sheikh ku Egypt, ndipo anamwalira pa 19 Ogasiti chaka chomwecho ku France. Chipatala chachikulu cha mumsewu wa Great East chimene chinatsegulidwa mu 2011 chimatchedwa ndi dzina lawo. Kuyambira 2018, ku chipatala cha UTH kukuphunzitsidwa madokotala a matenda a ubongo ndi minyewa, amene kale tinkachita kudikira ochokera kunja. Koma anthu ambiri amadziwa za tsiku limene munthu wagwa basi. Za milungu yotsatira, pamene dzanja limayamba kudzipinda lokha, sizikambidwa kwenikweni.

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, kawirikawiri chifukwa cha BP yosasamalidwa. Ubongo wa kumanzere umalamula thupi la kumanja, wa kumanja umalamula la kumanzere. Masiku oyamba mkono ndi mwendo za mbali yogwidwayo zimangokhala lende, ukazinyamula zimagwa ngati nsalu yonyowa. Minofuyo sinavulale ayi. Chasowa ndi uthenga.

Tsono mumsana muli chingwe cha minyewa chimene chili ndi lamulo lakelake: mnofu ukakokedwa mwadzidzidzi, chimaulamula kuti nawo ukoke. Ndi zimene dokotala amayesa akamenya pansi pa bondo ndi kanyundo, mwendo n'kudumpha wokha. Kwa munthu wabwinobwino ubongo umakhala ukuletsa lamuloli kuti lisapyole malire, ngati mphunzitsi amene wangoima pakhomo la kalasi, ana onse n'kukhala chete. Sitiroko ikadula njira ya uthenga, mphunzitsi uja wachoka, phokoso limabuka. Pakapita masiku kapena milungu, minofu imayamba kukungika yokha. M'mabuku athu timati spasticity. Chizindikiro chake n'chakuti mkonowo ukauwongola mwachangu umakana, ukauwongola pang'onopang'ono umalola.

Kukungikako kuli ndi njira yake yodziwika. Kumkono, minofu yopinda ndiyo imapambana: phewa limalowa mkati, chigongono chimapindika, dzanja limagwera pansi, zala n'kufumbata chala chachikulu. Kumwendo imapambana ndi yowongola: bondo limauma, phazi limaloza pansi n'kupendekera mkati. Munawaonapo abambo otere pamsika wa Kabwata kapena m'mbali mwa Cairo Road, mkono uli pachifuwa ngati akubisa kanthu, mwendo akuuzungulitsa panja kuti zala zisakhule pansi. Mnofu ukakhala wopindika chonchi milungu yambiri umafupika, mfundo imauma, ndipo pamenepo ngakhale munthuyo atagona tulo tofa nato mkono suwongokanso. M'mera mpoyamba. Afiziyo, akatswiri a masewera olimbitsa ziwalo, amabwera kwa wodwala kanthawi kochepa pa tsiku. Maola ena onse, usana ndi usiku, thupi limaphunzira kwa bedi.

N'chifukwa chake namwino amagoneka wodwala motsutsana ndi kumene minofu ikukokera, ndipo amasintha kagonedweko pa maola awiri alionse, kuti atetezenso khungu ku zilonda za pogona ndi chifuwa ku chibayo.

Kagonedwe kamene odwazika amakaopa kwambiri ndi kogonera mbali yofooka. "Muwapweteka," amatero. Komatu kakachitidwa bwino n'kothandiza zedi, chifukwa kulemera kwa thupi kumakumbutsa ubongo kuti mbali imeneyi ilipo, ndipo dzanja lamphamvu limatsala pamwamba, lomasuka kukoka bulangete kapena kufikira kapu. Chinsinsi chili paphewa. Namwino amalowetsa chikhatho chake pansi, kuseri kwa phewa, pafupa lophwatalala, n'kulibweretsa kutsogolo kuti wodwala asagonere nsonga ya phewa. Mkono umatambasuka kutsogolo, chigongono chowongoka, chikhatho choyang'ana kudenga, zala zotambasuka. Pilo woyamba ali kumutu, wachiwiri kumsana kuti thupi litsamire chakumbuyo pang'ono. Mwendo wofooka umagona chowongoka, bondo lopinda pang'ono chabe. Wamphamvu umadutsa kutsogolo n'kukhala pa pilo wachitatu.

Akagonera mbali yamphamvu, pilo wachinayi amapeza ntchito. Mkono wofooka wonse, kuyambira paphewa mpaka kuzala, umakhala pa piloyo kutsogolo kwa chifuwa, dzanja lisalendewere kumapeto. Mwendo wofooka umapinda pa pilo wina, ndipo phazi nalo likhale pa pilo pomwepo, lisagwere mkati.

Kugona chagada n'kumene odwala ndi achibale amakukonda, chifukwa munthu amaoneka waulemu alendo akabwera. Ife timakuchepetsa dala, poti kumalimbikitsa kuuma kwa mwendo ndipo kumadya chidendene ndi fupa la kumunsi kwa msana. Pakafunika kutero, timaika kathaulo kopinda pansi pa phewa lofooka ndi kena pansi pa thako kuti mwendo usagudubukire panja. Mabulangete olemera a mu Juni ndi Julayi amakankhira phazi pansi usiku wonse. Katoni yodula mbali imodzi, yovundikira mapazi pansi pa zofunda, imathetsa vutoli.

Madokotala akangololeza, wodwala azikhala pampando: matako kumbuyo kwenikweni, mapazi onse awiri pansi, mkono wofooka patebulo kapena pa pilo pamiyendo. Phala ndi madzi azilandira ali tsonga, atayesedwa kaye ngati akumeza bwino.

Pali zinthu ziwiri zimene achibale amachita mwachikondi koma zimawononga. Choyamba ndi kampira kofinya. Pafupifupi banja lililonse limabwera nako. Koma chinthu chokhudza m'chikhatho chimadzutsa kufumbata, monga momwe khanda limagwirira chala cha mayi wake, ndipo minofu yofumbata ndiyo yapambana kale. Dzanja lotere likufunika kuphunzira kutsegula. Kampira kadikire mpaka afiziyo atanena.

Chachiwiri ndi kukoka mkono. Phewa la munthu limagwiridwa ndi minofu kuposa mafupa, ndiye minofuyo ikafooka, mutu wa fupa umatsetsereka m'malo mwake mosavuta. Izi ndinaziphunzira mowawa. Ndili wongoyamba kumene ntchito pa chipatala china, ine ndi mwana wa wodwala tinakweza agogo ena pabedi powagwira m'khwapa, wina uku wina uku. Patapita masiku ochepa phewa lawo linali ndi kampata koti chala n'kulowa, ndipo ankalira tikamawavala malaya. Ululuwo unaumitsa mkono wonse. Kuyambira pamenepo ndimaphunzitsa aliyense kuti wodwala amasunthidwa ndi nsalu yoyala pansi pake, anthu awiri, kugwira paphewa kumbuyo ndi m'chiuno. Povala, mkono wofooka ndiwo umayamba kulowa; povula, umatuluka pomaliza.

Namwino wodziwa ntchito amawerenganso kukungika ngati uthenga. Mkono umene dzulo unkalola ukalimba mwadzidzidzi, sathamangira mankhwala. Amayang'ana ngati chikhodzodzo chadzaza kapena kapaipi ka mkodzo kapindika, ngati wodwala wadzimbidwa, ngati pali chilonda, chikhadabo cholowa m'mnofu, kutentha thupi, kapena kungozizidwa. Bambo wina wa ku Chelstone, amene sitiroko inamulanda mawu, anafumbata nkhonya usiku wonse. M'mawa tinapeza kuti chinkamuvuta ndi mkodzo wosatuluka. Titakonza kapaipi, zala zinamasuka zokha.

Nzeru zambiri za kagonekedwe kameneka zinafala kuchokera kwa Berta Bobath ndi mwamuna wake Karel, amene ankagwira ntchito ku London kuyambira m'ma 1940. Kukungikako timakuyeza ndi muyeso wa Ashworth wa mu 1964, umene unakonzedwanso mu 1987, kuyambira 0, mnofu wofewa bwino, mpaka 4, chiwalo chouma gwa. Ndinene mosabisa: pilo sachiza ubongo, ndipo pali odwala amene amakungika ngakhale atagonekedwa mosamala chotani. Otero amafunikanso mankhwala monga baclofen, kapena jakisoni wa botulinum, pamodzi ndi masewera a afiziyo amene amaphunzira ku koleji ya Evelyn Hone ndi ku yunivesite ya UNZA. Chimene kagonekedwe kamachita ndi kusunga phewa losapweteka, khungu lopanda bala ndi mfundo zotha kuyenda, kuti tsiku limene ubongo udzayambe kupeza njira zatsopano, udzapeze mkono woti n'kugwira nawo ntchito.

Nkhawa yanga yaikulu imakhala pa tsiku lotuluka. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands mabanja ena amagula bedi lokweza ndi kutsitsa, n'kulemba namwino wa kunyumba. M'mafulati a ku Kabwata, wodwala akakwezedwa masitepe amatha milungu osatsika, ndipo amene amamutembenuza ndi mkazi wake yekha kapena mdzukulu wa sukulu. Komabe ndaona manja otambasuka bwino m'nyumba zopanda bedi la mtengo wapatali. Bulangete lokulunga limalowa m'malo mwa pilo, zitenje ziwiri zopinda zimakwana pansi pa phewa. Bedi liikidwe moti khomo, wailesi ndi alendo zikhale ku mbali yofooka, kuti mutu uzitembenukira kumeneko.

Mayi uja wofunsa usiku anakhala nafe milungu iwiri. Tsiku lachitatu ndinawagwira dzanja n'kulilowetsa ndekha kuseri kwa phewa la amuna awo kuti amve fupa limene tikunena. M'mawa wa tsiku lotuluka ndinawapeza atawagoneka kale mbali yofooka, chikhatho chili kudenga, akuwongola zala chimodzichimodzi. Mlamu wawo atafika n'kutambasula dzanja kuti adzutse mkulu wake, mayiwo anamugwira pamkono. "Alamu, osakoka pamenepo. Bwerani mbali ino, gwirani nsaluyi."