Njanji ilipo, koma a ku Chegutu ndi Kadoma akupanikizana m'makombi

Munthu wochokera ku Mubaira, m'dera la Mhondoro ku Zimbabwe, akamapita ku Kadoma kawirikawiri amatsikira kaye ku Chegutu. Kumeneko amaima m'mphepete mwa msewu waukulu wa Harare ndi Bulawayo kudikira kombi kapena mushikashika, timagalimoto tija ta Honda Fit tonyamula anthu mozemba malamulo. Mtunda wotsalawo ndi makilomita 30 ndi kachidutswa chabe, koma ndi wa msewu wodzaza mathiraki. Chodabwitsa n'chakuti chapafupi pomwepo pakudutsa njanji yolumikiza matauni awiri omwewa.

Njanjiyi ndi yakale. Inamalizidwa mu 1902, Chegutu akutchedwa Hartley, ndipo Kadoma anakula m'mbali mwake ndi dzina la Gatooma. Mayina atsopanowa anabwera mu 1982. Anthu ambiri a ku Nyasaland anadzagwira ntchito m'dera lino, ku migodi ya golide ya Cam and Motor ndi Dalny, m'mafamu, kenako ku mafakitale a nsalu a David Whitehead. Zidzukulu zawo zidakalipo, ndipo m'makomboni gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, akuvinidwabe.

Chimene achinyamata a m'makomboni a Rimuka ku Kadoma ndi Pfupajena ku Chegutu sangachikhulupirire msanga n'chakuti sitima zoyendera magetsi zinkadutsa pakhomo pawo. Mu 1983 bungwe la National Railways of Zimbabwe linaika nthambo za magetsi pamtunda wa makilomita pafupifupi 300, kuchokera ku Harare kukafika ku Dabuka, kufupi ndi Gweru. Chuma chitasokonekera, akuba anayamba kudula nthambozo pofuna kopa, ndipo pofika 2009 sitima zamagetsi zinali zitaima. Sitima ya anthu yomwe inkadutsa usiku nayo inaimitsidwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19.

Kwina zinthu zinkalowera kwina. Mzinda wa Johannesburg unachotsa ma tram ake, sitima zazing'ono zamagetsi zoyenda panjanji yoyalidwa mumsewu, mu 1961, nthawi imene aliyense ankati tsogolo ndi galimoto. Patapita zaka makumi asanu, mizinda ina ya mu Africa inayamba kuwaika: Rabat ndi Algiers mu 2011, Casablanca mu 2012, ndipo Addis Ababa inatsegula sitima yake yopepuka mu 2015. Chifukwa chake sichovuta kumva. Tram imodzi imanyamula anthu oposa 200, ntchito ya makombi oposa khumi. Ilibe utsi, siimaima paliponse pamene dalaivala waona munthu, ndipo poti malo okwerera sasuntha, wamalonda amamanga golosale yake pamenepo podziwa kuti mawa anthu adzatsikiranso pomwepo. Hwindi, mnyamata woitanira anthu uja, akhoza kusamutsa siteji lero masana. Njanji simungaisamutse chotero.

Koma tinene chilungamo. Kuyala tram m'misewu ya Kadoma, mzinda wa anthu oposa 100,000 pang'ono, kungakhale kumanga nkhokwe yaikulu pamunda wochepa. Chegutu ndi wocheperapo. Sitima ya ku Addis Ababa inadya ndalama zokwana madola 475 miliyoni a ku America, ndipo patangopita zaka zochepa zambiri mwa sitimazo zinali zitaima kamba kosowa zipangizo zokonzera. Nanga magetsiwo? Mu 2019, madzi atachepa mu damu la Kariba, anthu a ku Zimbabwe ankakhala mumdima mpaka maola 18 patsiku. Sitima yodalira nthambo ikanagona panjira ndi anthu ake.

Phindu la tram anthu a ku Kadoma ndi Chegutu angathe kulipeza mwa njira yotsika mtengo, chifukwa chinthu chodula kwambiri, njanjiyo ndi malo ake, chilipo kale. Chofunika ndi sitima yaifupi ya anthu, ngakhale ya dizilo poyamba, yoyenda m'mawa ndi madzulo pakati pa Kadoma ndi Chegutu, mwinanso mpaka Norton ndi Harare, pa nthawi imene munthu angaikhulupirire. Zoterezi si zachilendo m'dzikomo. Mu 2001 boma linayambitsa sitima zonyamula apantchito ku Harare ndi Bulawayo, zimene anthu anazitcha Freedom Train. Mu 2021 kampani ya mabasi ya ZUPCO inagwirizana ndi a njanji n'kuzibwezeretsa, koma chaka chotsatira zinaimanso chifukwa cha ngongole. Okwera analipo, chimene chinalibe mwini ndi bilu. Mtengo wa tikiti ukatsitsidwa kuti wosauka akwere, payenera kudziwikiratu amene adzalipire chotsalacho.

A ku Mubaira sitima sidzawafika, ndipo pasapezeke wandale wowanamiza. Chawo ndi msewu wabwino wopita ku Chegutu komanso basi yofika pasiteshoni sitima isananyamuke. Mayi wa madengu a tomato, amene lero amalipira pawiri, yekha ndi katundu wake, angapindule kuposa wina aliyense. Eni makombi nawo sangataye ntchito: ulendo wawo ungakhale wotola anthu m'midzi, m'migodi ndi m'makomboni kukawatula kusiteshoni, m'malo mothamangitsana ndi mathiraki pamsewu waukulu. Komatu ayenera kuitanidwa pokambirana kuyambira pachiyambi, chifukwa ndiwo akhala akunyamula anthuwa zaka zonse zimene sitima kunalibe.

Makhonsolo a Kadoma ndi Chegutu, pamodzi ndi aphungu a ku Mhondoro, apite kwa akuluakulu a National Railways of Zimbabwe akafunse mtengo woyendetsera sitima imodzi kawiri patsiku, ndipo yankho lake alibweretse kwa anthu pamsonkhano wapoyera.