Musanagule rediyeta yatsopano, yambani mwaona fani

M'mwezi wa Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40 ku Chigwa cha Shire, si zachilendo kuona galimoto yodzaza mbewu itaima pachikweza cha Thabwa, nthunzi ili tolotolo. Ambiri amathamangira kukagula rediyeta ndi ndalama za gulu, chonsecho nthawi zina wolakwa ndi fani.

Injini ikamatentha galimoto itaima kapena ikukwera pang'onopang'ono, n'kumazizira ikathamanga, kayikirani fani. Ngati ndi yamagetsi, ilumikizeni kubatire ndi mawaya awiri. Ikazungulira ndiye kuti ili bwino. Vuto lili pa fyuzi, relay kapena swichi yomwe imamva kutentha kwa madzi, tizipangizo totsika mtengo kwambiri. Ngati imayendera lamba, onani ngati sanakhwefuke.

Rediyeta yodontha kapena yotsekeka ndi dzimbiri ndiyo yoyenera kusintha. Dikirani injini izizire kaye, pakuti madzi owira amawaula nkhope. Mukamanga yatsopano, lizani injini musanatseke chivindikiro kuti mpweya utuluke, uku mukuwonjezera madzi. Madzi amchere a pamijigo ina yakuchigwako apeweni: amatseka timapaipi. Amvula osefa, osakaniza ndi coolant, ndiwo abwinoko.