MLENDO M'DZIKO LA ENI

Munthu akakhala pamudzi pao, palibe amene amyang'anitsitsa. Mayendedwe ace, zobvala zace ndi manenedwe ace ziri monga za anansi ace onse. Koma akaoloka malire, nalowa m'dziko la eni, zinthu zomwezo zimene sizinaoneka kwao ziyamba kumuulula. Angakhale asanene kumene acokera, anthu amzindikira kuti ali mlendo. Kudziwika kotere nthawi zina kumtengera cifundo, pakuti alipo ambiri amene akonda kucereza alendo; koma nthawi zina kumtengera tsoka. Cifukwa cace nkwabwino kuti ana a sukulu adziwe zimene ziulula mlendo, zoopsya zimene zimlalira pa njira, ndi macitidwe amene amsunga.

1. Za maulendo a kum'mwera

Golidi anapezeka ku Witwatersrand m'caka ca 1886, ndipo pamenepo panamangidwa mzinda waukuru wa Johannesburg, umene Amalawi aucha Joni. Eni migodi anasowa anchito, natumiza anthu ao ku maiko a kutali kukalemba amuna amphamvu. Bungwe lao, limene anthu analicha Wenela, linayamba kulemba anthu a ku Nyasaland m'caka ca 1903. Ena sanafune kulembedwa, koma anamuka okha pansi, napyola dziko la Tete, naoloka Zambezi pa bwato, nafika ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Ulendowo unali wa masabata ambiri, ndipo ena anatsala pa njira cifukwa ca njala, nthenda, kapena zirombo.

Amene anafika ku Joni anapeza mdani amene sanamdziwa, ndiye cisanu. Mzindawo uli pamtunda, monga mamita 1,750 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo m'miyezi ya June ndi July kuzizira kwace nkoopsya. Anthu a ku maiko otentha anafa ambiri ndi cibayo, kotero kuti m'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anchito a kumpoto, ndipo lamulolo linakhala kufikira zaka za m'ma 1930. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70 amene analinkubwerera kwao, ndipo Dr. Banda anaimitsa kulembako.

Masiku ano anthu ayendabe njira yomweyo, koma pa basi. Aturuka pa Mwanza, napyola Tete, nalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, naoloka mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge. Ulendo wafupika, koma ulendo uli ulendo ndithu, ndipo wofikayo ali mlendo monga anali makolo ace.

2. Zimene ziulula mlendo

Coyamba ndi lilime. Munthu angathe kugula zobvala za eni dziko tsiku limodzi, koma lilime lace silisinthika msanga. M'Buku Lopatulika muli nkhani ya anthu a Gileadi, amene anatsekereza madooko a Yordano, nayesa ali yense wofuna kuoloka ndi liu limodzi lokha. Aefraimu sanakhoza kulichula bwino, ndipo anaphedwa pomwepo. Momwemonso Petro, pokhala pa bwalo la mkuru wa ansembe, anadziwika kuti ali Mgalileya cifukwa ca manenedwe ace.

Zotere sizinathere m'masiku akale. M'mwezi wa May 2008 cipolowe cinabuka ku Alexandra, dera lina la Johannesburg, nicifalikira ku mizinda yina. Makamu a anthu anasaka alendo, ndipo pokomana ndi munthu amene anamkaikira, anamuuza kuti achule cigongono m'Cizulu. Liulo ndi indololwane, ndipo wophunzira Cizulu pa nchito kapena pa msika salimva kawirikawiri. Wolephera anamenyedwa. Anthu 62 anafa m'masabata amenewo, ndipo zikwi zambiri zinathawa m'nyumba zao. Cozizwitsa ncakuti mwa akufawo 21 anali mbadwa za South Africa yemweyo. Pakuti si mbadwa zonse zinena Cizulu, ndipo khamu lokwiya silifunsa kawiri.

Caciwiri ndi kusadziwa miyambo yaing'ono. Ku Johannesburg anthu aimitsa minibasi ndi zizindikiro za manja: wofuna kunka pakati pa mzinda aloza cala kumwamba, ndipo wofuna kutsikira pafupi aloza pansi. M'galimotomo ndalama ziyenda dzanja ndi dzanja kufikira kutsogolo. Mwana wa komweko acita izi osaganiza konse. Mlendo aima, nayang'ana uku ndi uku, ndipo onse amuona.

Cacitatu ndi maonekedwe a thupi ndi katundu. Wofika kumene ayenda pang'onopang'ono, maso ali m'mwamba kupenya nyumba zazitali, thumba lalikuru liri pamutu, dzanja liri kugwiragwira pamene wabisa ndalama. Mbala imene ikhala pa siteshoni tsiku lonse iwerenga zizindikiro izi monga mwana awerenga buku lace.

Eni dziko apatsanso alendo maina. Ku Zimbabwe Amalawi anachedwa mabhurandaya, liu locokera ku dzina la Blantyre. Ku South Africa alendo a ku maiko ena a Afrika anyozedwa ndi dzina lakuti makwerekwere. Dzina lotere liunjika anthu osiyanasiyana m'mtanga umodzi, ndipo pakalakwa mmodzi, mlandu ugwera onse.

3. Zoopsya zimene zilalira mlendo

Mbala ikonda mlendo pa zifukwa zitatu. Idziwa kuti ali ndi ndalama za ulendo m'thumba. Idziwa kuti sazindikira njira yothawira. Ndipo idziwa kuti akapfuula, alibe mbale pafupi womlanditsa. Ngati mlendoyo alibe makalata oyenera, mbala ikondwa koposa, pakuti munthu wotere aopa kukadandaula kwa apolisi. Momwemonso mwini nchito wosalungama angathe kumgwiritsa nchito mwezi wathunthu, nammana malipiro, podziwa kuti sadzamsumira.

Alipo ena amene adza ngati abwenzi. Apatsa mlendo moni m'cinenero ca kwao, namlonjeza nchito, kapena malo ogona, kapena kumuolotsa malire popanda ciphaso. Ambiri a iwo ali ankhandwe. M'thengo la m'mbali mwa Limpopo mukhala acifwamba ochedwa magumaguma, amene alanda, namenya, nacitira akazi zoipa. Ndipo mtsinjewo ukadzala uli ndi ng'ona, nukokolola anthu. M'mwezi wa March 2020, ku dera la Tete, anatsegula galimoto yaikuru ya katundu imene inacokera ku Malawi, napezamo mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia. Anatsekeredwa m'bokosi lacitsulo lopanda mpweya, ndipo amoyo anatsala 14 okha. Onsewo anapereka ndalama kwa anthu amene anawalonjeza kuwafikitsa bwino.

Coopsya cina ndi mkwiyo wa khamu. Nchito zikasowa, ndipo umphawi ukakula, anthu afuna wina womnenera, ndipo mlendo ndiye aoneka msanga. Cipolowe conga ca 2008 cinabukanso ku Durban m'mwezi wa April 2015, kotero kuti boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ace. Ambiri anafika kwao ndi zobvala za m'thupi zokha.

4. Macitidwe amene asunga mlendo

Mlendo wanzeru ayamba kudzisunga asananyamuke. Atenga pasipoti yace yeniyeni, nalowera pa cipata ca boma, nayang'ana cidindo kuti adziwe masiku amene amlola kukhala. Ciphaso ca kuceza siciri ciphaso ca nchito, ndipo wopitirira masiku ace angathe kugwidwa, nasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kufikira ambwezere kwao. Ajambulitsanso makalata ace, nasiya cithunzi cimodzi kwa abale, kuti pasipoti ikatayika, akazembe a Malawi a ku Pretoria kapena ku Johannesburg amthandize msanga.

Adziwiratu kumene akafikira, ndi dzina la munthu amene adzamcingamira. Nambala ya munthuyo ailemba pa pepala, osaisunga m'lamya mokha, pakuti lamya ndiyo iyamba kubedwa. Ayesetsa kufika dzuwa likali. Akapeza kuti womcingamira sanafike, akhala m'kati mwa siteshoni, pamene pali kuunika ndi alonda, osaturuka kukamfuna m'miseu.

Ndalama zace azigawa pawiri kapena patatu, ndipo m'thumba la pafupi asungamo zocepa za pa njira. Saturutsa mpukutu wonse pogula nthoci imodzi. Abvala monga abvala anthu wamba a kumeneko, ndi cofunda cokwanira pa nyengo ya cisanu. Sadzikometsa ndi zonyezimira. Acifwamba akamzinga ndi mpeni kapena mfuti, apereka cimene afuna, pakuti katundu agulidwanso, koma moyo ulibe msika. Nambala ya apolisi ku South Africa ndi 10111.

Aphunzira msanga moni ndi mau a kuyamika. Kwa Mzulu ati sawubona, ndipo akalandira kanthu ati ngiyabonga. Kwa Mshona ati makadii. Mau awiri awa sabisa ulendo wace, koma afewetsa mtima wa mwini dziko, poona kuti mlendo alemekeza cinenero cace. Akuru anati safunsa anadya phula. Koma mlendo asankhe womfunsa. Afunse mwini sitolo, kapena mlonda, kapena mai wacikulire wogulitsa pa msika, osati mnyamata amene wamthamangira yekha ndi kumgwira katundu.

Afunanso anthu a kwao okhazikika, ndi mpingo. Kale lomwe, m'caka ca 1912, mbusa T. C. B. Vlok wa Mishoni ya Nkhoma anamuka ku Salisbury kukaweta Akristu a ku Nyasaland amene analinkugwira nchito kumeneko. Kuyambira masiku amenewo unali mwambo wabwino kuti wa pa ulendo atenge kalata ya umboni kwa akuru a mpingo wace. Munthu wodziwika pa mpingo akadwala, alipo omzonda. Akamangidwa, alipo omfunafuna. Akafa, alipo otumiza uthenga kwao.

Apewa mowa wa usiku, njuga, ndi mikangano ya eni dziko, pakuti kwa eni kulibe mkuwe. Akamva mphekesera ya cipolowe, sapita kukaonerera, koma akhala m'nyumba, kapena athawira ku polisi kapena ku nyumba ya Mulungu, makalata ace ali m'thumba. Ndipo saleka kutumiza mau kumudzi. Amuna amene anamuka ku migodi, naleka kulemba makalata, anachedwa machona. Akazi ao anakalamba ali kuyang'ana ku njira, osadziwa ngati ali amasiye kapena iai.

5. Ulendo suli mlandu

Macenjezo onsewa acepetsa tsoka, koma sangathe kulicotsa lonse. Mlendo wofatsa, wokhala ndi makalata ace onse, angathe kumenyedwa ndithu. Ndipo pamenepo wocimwa ndi womenyayo. Kudzisunga sikutanthauza kucita manyazi ndi mtundu wace, kapena kukana dzina la atate wace.

Mlendo angathenso kukhala dalitso kwa eni dziko. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira amene anaphunzira ku Livingstonia, anafika ku Cape Town m'caka ca 1918. Caka cotsatira anayambitsa bungwe la anchito lochedwa I.C.U., limene linakula kufikira anthu zikwi makumi ambiri, nilinenera anchito akuda a ku South Africa pa nkhani ya malipiro. Pa iye unakwanira mwambi wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ndipo dziko limene lituma ana ace kunja lilandiranso ana a eni. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'caka ca 1992, Malawi anasunga othawa oposa 1,000,000, ndipo kuyambira 1994 othawa a ku Congo, Burundi ndi Rwanda akhala ku Dzaleka m'boma la Dowa. Mwana amene amva munthu ali kuchula Cicewa mokhota, asamseke; amlozere njira, namuuze mtengo weniweni wa cinthu pa msika. Kapena tsiku lomwelo mbale wace wa mwanayo ali ciriri pa siteshoni ya ku Joni, thumba liri pamutu, ali kufuna munthu wokoma mtima woti amfunse.

Mafunso

1. Cifukwa ninji boma la South Africa linaletsa kulemba anchito a kumpoto m'caka ca 1913?
2. Chulani zinthu zitatu zimene ziulula mlendo.
3. Cifukwa ninji mbala ikondwera ndi mlendo wopanda makalata?
4. Mlendo afunse yani njira, ndipo apewe yani?
5. Machona ndiwo anthu otani?