Nyenyezi ziwiri zidagundana, golide nkubadwa

Abale athu amene amatandala m'madzi akutsuka mchenga m'beseni ku Chifunde, ku Macanga kapena ku Lupilichi m'chigawo cha Niassa, amadziwa chimwemwe chimene chimabwera kanjere kachikasu kakanyezimira pansi pa beseni. Koma funso nali: kodi golide ameneyu adachokera kuti? Akatswiri a zakuthambo akuti yankho lili kumwamba, ndipo umboni wake adaupeza m'chaka cha 2017, ataona bwinobwino koyamba kuphulika kwa nyenyezi kwa mtundu wina kotchedwa kilonova.

Nkhani idayamba pa 17 Agosto 2017, nthawi ya kuno kwathu ili 14 horas ndi mphindi 41. Makina awiri otchedwa LIGO, m'dziko la America, adamva kunjenjemera kochokera kutali m'mlengalenga, konga mafunde amene amayenda pamadzi munthu akaponya mwala m'dziwe. Albert Einstein adalosera za mafunde otere m'chaka cha 1916. Kunjenjemerako kudatenga masekondi pafupifupi 100. Pasadathe masekondi awiri, chombo chotchedwa Fermi, chimene chimazungulira dziko, chidaona kung'anima kwamphamvu. Mothandizana ndi makina ena otchedwa Virgo, pafupi ndi Pisa ku Italy, akatswiri adadziwa mbali ya thambo yoyenera kuyang'ana.

Patapita maola 11, kutada ku Chile, gulu lotsogozedwa ndi Ryan Foley lidaloza kumeneko makina oonera nyenyezi otchedwa Swope, ndipo lidapeza kadontho kowala pamalo pamene kale padalibe kanthu. Kadonthoko kadali m'khamu la nyenyezi lotchedwa NGC 4993. Tsiku lotsatira, makina akuluakulu a SALT, amene ali ku Sutherland kwa anansi athu a ku South Africa, adakaona nawonso. Malo oonera nyenyezi pafupifupi 70 adalowa pa ntchitoyi, ndipo zotsatira zake zidalengezedwa pa 16 Outubro.

Tsono chidaphulika nchiyani? Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha mphamvu, imaphulika nkusiya mtima wake wokha, wolimba koopsa. Chotsalacho amachitcha nyenyezi ya nyutroni. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 20, ngati mtunda wochokera ku Tete kukafika ku Moatize, koma kulemera kwake kumaposa dzuwa. Mutatapako kasupuni ka tiyi kamodzi, kangalemere matani oposa biliyoni imodzi. Nyenyezi ziwiri zotere zinkazungulirana kwa zaka zosawerengeka, zikuyandikirana pang'onopang'ono, mpaka zidagundana. Kuphulika kwake kumawala kuwirikiza pafupifupi 1000 kuposa kuphulika wamba kotchedwa nova, nchifukwa chake m'chaka cha 2010 Brian Metzger ndi anzake adakupatsa dzina loti kilonova, lochokera ku mawu omwe aja a kilo amene timamva pamsika, otanthauza chikwi.

Apa ndi pamene golide akulowera. Moto wa m'kati mwa nyenyezi wamba umatha kupanga zinthu mpaka kufika pa chitsulo, koma golide, pulatinamu ndi uraniyamu zimafuna ng'anjo yoposa pamenepo. Akatswiri adali atawerengera kale kuti ngati zinthu zolemerazi zikupangidwa pa kugundana kotere, kuwala kwake kudzasanduka kofiira nkuzilala msanga. Zidachitikadi choncho: kadontho kaja kadayamba kobiriwira ngati thambo, koma m'masiku owerengeka kadafiira. M'chaka cha 2019, ofufuza adazindikira m'kuwalako chizindikiro cha chinthu chotchedwa strontium, ndipo m'chaka cha 2023 makina a James Webb adaona chizindikiro cha china cholemera, tellurium, pa kilonova ina. Malinga ndi mawerengero awo, golide yekha amene adamwazika pa kugundana kwa 2017 angathe kulemera kuposa dziko lathu lonse.

Ena angafunse ngati moto umenewu ungatifike. Musade nkhawa. Kuwala kumayenda makilomita 300 000 pa sekondi imodzi, komabe kudatenga zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kufike kuno. Ndiye kuti kugundanako kudachitika munthu asadakhalepo padziko. Ndipo musasokoneze ndi kuwala kumene timaona usiku nkumati nyenyezi yathothoka. Kumeneko ndi timiyala tikupsa mumpweya pamwamba pathu.

Golide wa 2017 sadzafika m'mitsinje yathu. Wathuyu, akatswiri akuti wambiri mwa iye adachokera ku kuphulika kwina kotere kwakalekale, kumene fumbi lake lidasakanikirana ndi mtambo umene udaumba dzuwa ndi dziko zaka 4,6 biliyoni zapitazo. Izi zikutanthauza kuti nthaka sibereka golide monga imabereka chimanga. Amene alipo ndi yemweyo, ndipo wokumbidwa lero sadzameranso. Choncho amene mukugulitsa kanjere kanu kwa ogula odutsa, dziwani mtengo wake musadatambasule dzanja. Ndipo amene mukuthira mekyule m'madzi, kumbukirani kuti golide akadzatha, ana anu adzafunabe kumwa mumtsinje womwewo.